Phewa Langa ndi Mfuti za Apongozi

Pamwamba pa diso langa lakumanja pali kachipsera kokhota ngati mwezi wongotuluka kumene. Ondidziwa kuyambira kale akakaona amangoti ndi ndewu basi, ndipo sindiwadzudzula. Ndinali ndi mtima wapachala. Sukulu ndinaisiyira pa Fomu 2, aphunzitsi atatopa n'kundileretsa. Koma kachipsera aka si ka chibakera ayi. Inandilemba ndi mfuti, ku London, tsiku lomwe ndinkafuna kuonetsa bambo a chibwenzi changa kuti ndine mwamuna.

Munali m'zaka za m'ma 1990. Achemwali anga, omwe anali namwino pachipatala chachikulu cha ku Edmonton, kumpoto kwa London, ndiwo ananditenga kwathu ku Mchinji poona kuti ndikakhalitsa kumeneko ndithera kundende. Anandipezera ntchito yotsuka mabasi ku depoti: madzi ozizira, burashi ya mpini wautali, ndi chingamu chomata kunsi kwa mipando. Lamlungu masana ankandikokera kumapemphero m'holo ina momwe Amalawi ndi Azambia tinkasonkhana. Poyamba ndinkapitira mandasi. Kenaka ndinayamba kupitira mtsikana wothira tiyi.

Iyeyo anabwera ku London ali wamng'ono. Chinyanja ankachimva chonse, ndipo ndi ine ankachilankhula ndithu, koma ndikamuputa ankanditsanulira Chingerezi chothamanga choti ndinkangotolapo mawu awiri. Titagwirizana za banja anandiuza kuti, "Amama alibe vuto. Koma adadi amva zoti unamenya kapitawo wako."

"Sindinamumenye. Ndinangomugwira kolala."

"Ukawauze wekha zimenezo."

Bambo ake anali a ku Chipata. Asanabwere kuno anagwira ntchito yolondera nyama m'chigwa cha Luangwa, ndipo ku London ankayendetsa galimoto ya hayala. Koma tchire silinawachoke m'magazi. Mzungu wina wokalamba, mwini famu kuseri kwa Ilford, kum'mawa kwa London komwe nyumba zimathera, anawapatsa chilolezo chochepetsa nswala zomwe zinkamudyera mbewu ndi timitengo tongobzala. Layisensi anali nayo, ndipo mfuti zawo zinkagona m'kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma.

Ndinapita kwawo ku Ilford nditavala jekete yobwereka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Iwe mnyamata, namva kuti upsa mtima msanga."

"Pang'ono, bambo."

"Pang'ono," anabwereza choncho, ngati akulawa mchere. "Ankhoswe ako asabwere manje. Nifuna nikuone ndi mfuti m'manja. Patebulo munthu angabise mtima wake, pamfuti sangabise. Ukapha nswala imodzi bwinobwino, osaivulaza chabe, tizakamba za mwana wanga. Unawomberako?"

"Kwambiri!" ndinayankha chifuwa chili panja.

Silinali bodza. Ndili mnyamata ndinkalondera chimanga ndi malume anga m'munda wa m'tsinde mwa phiri, komwe nguluwe zinkatisautsa. Malumewo anali ndi gogodela, mfuti yosula okha: mpope wachitsulo wochotsa kugalimoto yakufa, womangirira kumtengo ndi mawaya ndi malegeni. Tinkathira onga kukamwa kwake, n'kutsindira chiguduli ndi ndodo, pamwamba n'kuikapo zidutswa za misomali. Vuto la gogodela ndi lakuti palibe ankadziwa ngati moto utulukire kutsogolo kapena kumbuyo. Mkulu wina wa mudzi woyandikana nafe inamuphulikira n'kumutengera diso. Choncho malume anali ndi lamulo lawo, ndipo anandilowetsa m'mutu ndi makofi: "Gogodela sakumbatira, mphwanga. Italikitse ndi phewa, loza, tembenuza nkhope, tsinzina, kenaka koka." Ndipo zinkayenda. Nguluwe imakhala pafupi, misomali imamwazika, ukatsegula maso utsi utachepa umapeza nyama ili gone kapena ili kutali.

Loweruka lotsatira tinakwera galimoto yawo atatu, ine, bambowo ndi mwana wawo, kupita kukalabu ina yowombera m'mphepete mwa London, m'chigwembe chomwe kale ankakumbamo mchenga. Kunali matebulo a matabwa, ndipo kutsogolo, patali ndithu, mapepala a chandamale atawakhoma patsinde pa chimulu cha dothi. Bambowo anandionetsa kaye zoyamba: mfuti imaloza kuchimulu nthawi zonse, chala chisakhudze kachitsulo kowombera usanakonzeke, ndipo ukafuna kuisiya umakoka chogwirira cha m'mbali n'kuitsegula kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu. Anandibwerezetsa mpaka ndinayamba kutopa nazo. Kenaka anatulutsa mfuti ziwiri m'zikwama n'kuziyala patebulo.

Yoyamba, aaa, inali dona. Yoonda, yopepuka, thabwa lake lonyezimira ngati alidzoza mafuta. Chipolopolo chake chinali chachitali kuposa chala changa chamkombaphala. Yachiwiri inali chidempete: mpope wonenepa, thabwa lokalikakalika, kuthako kwake ataikako labala wakuda wokhuthala. Nditainyamula ndinamva ngati ndanyamula mpini wa khasu pamodzi ndi dothi lake. Zipolopolo zake zinali zocheperapo.

"Zonse ziwiri zipha nswala," anatero bambowo. "Sankha yomwe uzanyamula kufamu. Ine nikanakhala iwe nikanayamba ndi yolemerayi. Ndiye yomwe anaphunzirira mwana wanga."

Akanapanda kunena mawu omalizawo mwina ndikanamvera. Ndinayang'ana chibwenzi changa, chili phee ndi zotseka m'makutu zake, chikumwetulira.

"Ya atsikana ayi, bambo. Ndipatseni iyi."

"Imenya, iyo."

"Ndamenyedwapo ndi zambiri."

Anangokweza mapewa. Ndinakhala pabenchi, mfuti ndinaitsamiritsa pa kathumba ka mchenga, ndipo iwo anandikankhira thako lake paphewa. "Ikanikize. Diso lisayandikire kwambiri galasi." Pamwamba pa mpope panali galasi loonera patali, ndipo nditasuzumiramo pepala lija linabwera pafupi ngati ndingaligwire. Mtima unati myaa. Ndinaika mtanda wa m'galasi pakati pa kadontho kakuda.

Zomwe zinachitika kenaka sindinazilamule ine. Chala chitangoyamba kukoka, manja anga anakumbukira malume. Anaikankhira mfuti kutsogolo, phewa linathawira m'mbuyo, khosi linapindika.

Phuu!

Ndinaona nyenyezi masana. Paphewa panali ngati pagwa nyundo, ndipo mkombero wa galasi unandipeza pansidze. Magazi anatsikira m'diso, otentha. Chibwenzi changa chinathamangira kugalimoto kukatenga pulasitala.

"Wafa?" chinandifunsa chikupukuta.

"Ndi udzudzu chabe."

"Udzudzu wa kwanu ndi waukulu. Tenga inayo, iwe."

Ndinakana. Ndinawomba kachiwiri, mutu nditaubweza kutali ndi galasi. Ndinawomba kachitatu. Mkono unayamba dzanzi mpaka kuzala. Bambowo anasuzumira pachoonera patali chawo n'kunena kuti pepala lidakali loyera ngati nsalu ya ubatizo. Ine ndinati galasi ndi lokhota. Ndinatinso kuli mphepo. Iwo anatenga mfuti ija, anakhala pansi, anawomba kamodzi, thupi lawo linangogwedezeka pang'ono ngati munthu wa m'basi ikamanyamuka. Bowo linali m'kati mwa kadontho.

"Galasi lilibe mlandu," anatero. "Yang'ana kumbali, nikuikire china."

Ndinamva akutsegula, akutseka. Anandipatsa. Ndinaluma mano, ndinaloza, ndinakoka.

Kete.

Munalibe chipolopolo. Kunalibe phokoso loti lindibise, kunalibe utsi. Ndinapezeka ndili chomwecho pamaso pa anthu: maso nditatsinzina, nkhope itatembenukira kumanzere, mano ali pamtunda ngati mbuzi yowamba, mfuti itatalikirana ndi phewa mpata wolowa chikhatho, kamwa lake likuloza udzu wa pafupi. Chibwenzi changa chinayesa kudzigwira, chinalephera. Chinaseka mpaka kukhala pansi. Azungu awiri a patebulo loyandikana anayang'ana kumbali, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Moto uja ndinaumva ukukwera kuchokera m'mimba, womwe uja wa ku Fomu 2, womwe uja wa kolala ya kapitawo. M'makutu munkalira. Manja ankafuna kuiponya mfuti ija kutali, imve nayonso kuwawa. Sindidziwa chinandigwira. Ndinakoka chogwirira, ndinaitsegula, ndinaigoneka pa kathumba ikuloza kuchimulu, ndinavula zotseka m'makutu. Kenaka ndinanyamuka osayang'ana munthu, ndinapita koimika magalimoto, ndipo tayala loyamba lomwe ndinalipeza ndinalimenya theche ndi mphamvu zanga zonse. Tayala silinamve kanthu. Chala chachikulu cha kuphazi ndicho chinalowa m'gulu la phewa ndi nsidze.

Ndinakhala pamwala ndikuganiza zokwera basi, koma kumeneko kunalibe ndi siteji yomwe. Ndinadziwa kuti banja lathera pompo. Posakhalitsa ndinamva mapazi. Anali bambo aja, fulasiki ili m'khwapa. Anathira tiyi m'chivundikiro n'kundipatsa, iwo n'kutsamira galimoto.

"Gogodela?" anafunsa.

Ndinadzutsa mutu. "Mwadziwa bwanji?"

"Ninalanda zambiri ku Luangwa. Aliyense amene tinamugwira nayo anali kuwombera so." Anatambasula manja kutsogolo, anapotoza khosi, anatsinzina, anatulutsa mano. Mkulu wa imvi, wa tayi wa kutchalitchi, ataima pakati pa magalimoto a azungu akuchita nkhope ya malume anga! Tiyi ananditulukira m'mphuno. Tinaseka tonse awiri mpaka ndinaiwala chala.

"Amalume ako anakuphunzitsa bwino," anatero atapuma. "Pa gogodela ndiye nzeru, n'chifukwa chake uli ndi maso awiri. Koma izi siziphulika kumbuyo. Unawetako nkhosa?"

"Mbuzi."

"Tonde akafuna kukugunda achita bwanji?"

"Amabwerera kaye m'mbuyo."

"Ehe. Afuna mpata wothamangira. Ukamugwira mutu n'kuukanikiza pantchafu pako, angokukankha chabe. Mfuti ni chimodzimodzi. Iwe unaipatsa bwalo lonse."

Anandifotokozeranso za kulemera. Onga ukaphulika umakankha mbali ziwiri, chipolopolo kutsogolo, mfuti kumbuyo. Mfuti yopepuka ya onga wambiri ilibe choiletsa, mphamvu yonse imathera pa iwe. Yolemera imayamba yalimbana ndi thupi lake lomwe, labala uja n'kumwako ina, chofika paphewa n'chotsala. Ndipo thupi likamenyedwa kawiri katatu limayamba kuthawa mfuti isanalire, mwini wake osadziwa. Anati theka la mantha ndi phokoso, ndipo anatulutsa m'thumba timasiponji tiwiri toti ndilowetse m'makutu kunsi kwa zotseka zija.

"Nanga yopepukayo munaigulira chiyani, bambo?"

"Ninali mnyamata naine. Inaoneka bwino m'shopu." Anatsanula tiyi wotsala. "Tiye. Usankhe yomwe uzalasa nayo, osati yojambulitsa."

Za mwana wawo sananenepo kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Titabwerera patebulo ndinapita molunjika kwa chidempete chija n'kuchinyamula.

"Ya atsikana ija?" chinafunsa chibwenzi changa.

"Khala chete, iwe."

"Bwera kuno, mlenje wa ku Mchinji, ndikuonetse."

Ndipo anandionetsa ndi iyeyo, bambo ake ataima kumbuyo. Anandigwira paphewa n'kupeza kadzenje kofewa pakati pa fupa la phewa ndi chifuwa. "Apa. Osati pafupa, osati pamkono. Ikokere kwa iwe. Tsaya ligone pathabwa, ligone ndithu, ngati pa pilo." Ine amene ndinakula ndikumva kuti mfuti sakumbatira, lero akuti ndiigoneke tsaya! Thupi lonse linkakana. Anandiwombetsa kaye yopanda kanthu kambirimbiri, kete, kete, kete, iye atasuzumira nkhope yanga. "Waphethira. Bwerezanso. Waphethiranso. Ukuopa chiyani, mulibe kanthu!" Anandiuza kuti nditulutse mpweya pang'ono, ndiime, chala chizifinya mwapang'onopang'ono mpaka mfuti ilire yokha.

Bambowo ataikamo chipolopolo chenicheni, mfuti inalira, ndipo ndinamva ngati mnzanga wandikankha paphewa pondipatsa moni. Basi. Ndinadikira ululu, sunabwere.

"Walasa pepala," anatero akusuzumira. "M'mphepete, koma ni pepala."

Ndinakuwa ngati ndagoletsa chigoli. Mmodzi wa azungu aja anandikwezera chala chachikulu.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse lomwe ndinalibe shifiti ndinkakwera sitima ndi basi kupita ku Ilford. Malume sanatuluke m'manja mwanga tsiku limodzi. Bambowo anapitiriza kachinyengo kawo, pena kuikamo chipolopolo, pena osaikamo, ine osadziwa, ndipo nthawi zina khosi linkapotokabe. Ku depoti ndinasandutsa mpini wa burashi kukhala mfuti. Ndikatsuka basi ndinkaukanikiza paphewa, tsaya pamtengo, n'kuloza nambala ya basi ina, maso ali tong'o. Anzanga a ku Ghana ndi ku Jamaica ankati Mmalawi wapenga. Kapitawo uja anandipeza ndikuloza, anabwerera chambuyo. Chodabwitsa n'chakuti kunena kwawo sikunandipsetse mtima. Ndinali ndi zofunika kuziganizira.

Mabowo anayamba kuyandikirana. Tsiku lina bambowo anachotsa pepala, anaphimba mabowo onse ndi chikhatho chimodzi, n'kunena kuti, "Sabata ya mawa uvale zofunda. Tipita kufamu."

Inali nyengo yozizira, udzu utayera ndi chisanu. Tinafika kukucha, ife awiri tokha. M'mphepete mwa nkhalango munali makwerero achitsulo otsamira mtengo, pamwamba pake pali kabenchi ka anthu awiri. Nditakwera ndinangoseka chamumtima: nsanja yolonderapo nguluwe yandilondola mpaka ku Ulaya. Chidempete chija chinali chitandilemera kale paphewa ndi lamba wake, koma nditachitsamiritsa pachitsulo chinakhala phee, osagwedezeka.

Tinadikira. Zala zinauma. Kutali kunkamveka magalimoto a mumsewu waukulu wozungulira London. Kenaka bambowo anandigunda ndi bondo. Nswala zinatuluka m'mitengo, zotuwa, zikuyenda modukizadukiza, nthunzi ikutuluka m'mphuno.

"Yakumanzere," ananong'ona. "Osathamanga. Iyembekeze ipereke nthiti. Uone kuti kumbuyo kwake kuli dothi."

Mtima unkagunda mpaka mtanda wa m'galasi unkavina. Ndinamva khosi likufuna kuyamba zake. Ndinakokera thako m'kadzenje kaja, ndinagoneka tsaya, ndinatulutsa mpweya. Nswala inatembenuka, inaima. Ndinaika mtanda kuseri kwa mwendo wakutsogolo n'kuyamba kufinya.

Ndinaiona. Ichi ndicho sindidzaiwala. M'galasi momwemo ndinaona ubweya ukudumpha pomwe ndinaloza, nswala ikudumphira m'mwamba, ikuthamanga pang'ono, n'kugwa m'chisanu osadzukanso. Moyo wanga wonse ndinkawomba mumdima wa zikope zanga, n'kumafunsa utsi zomwe zachitika. Tsiku limenelo ndinaona ndi maso anga.

"Yakumenya?" anafunsa bambowo.

"Chiyani?"

"Mfuti."

Ndinagwira phewa. Sindinakumbuke n'komwe kuti inandikhudza.

Tinadikira pang'ono monga amachitira alenje, ndinatsegula mfuti, tinatsika. Bambowo anagwada pa nyama ija, anayang'ana bala, anagwedeza mutu. Anaitumbula mwachangu, mpeni ukuyenda wokha. Atatha anapukuta manja paudzu n'kunena kuti, "Apongozi, gwirani miyendo yakutsogolo."

Ndinacheuka kuti ndione amene wabwera. Kunalibe munthu, mitengo yokhayokha.

"Nikamba na imwe. Kapena mufuna ninyamule nekha?"

Ndinagwira miyendo ija. Tinaikoka kudutsa m'munda wonse, ine ndikungoseka ngati chitsiru, mfuti ikundigunda pamsana.

M'galimoto, hita ikutiotcha mapazi, anati, "Muwauze ankhoswe anu abwere. Koma nikuuzeni, nswala iyi ni ndiwo chabe. Nkhani inatha tsiku lija kukalabu."

"Tsiku lomwe ndinachita manyazi lija?"

"Lomwelo. Munakwiya mpaka makutu kuchita kunjenjemera, ninaona. Koma munatsegula mfuti, munaigoneka bwino, ndiye munapita kukamenya tayala." Anasintha giya. "Tayala linali langa, koma nakhululuka."

"Ndiye masabata onsewa, bambo?"

"Munali kufuna nikupatseni mwana wanga mukali kutsinzina?"

Chinkhoswe chinachitikira m'holo ya mapemphero ija. Nyama ya nswala inaphikidwa m'mapoto akuluakulu obwereka, ndipo amayi ena a ku Lilongwe anakana kukhulupirira kuti ku London kuli tchire, ankati tagula kubutchala. Achemwali anga anavina mpaka kuvula nsapato. Apongozi anaimirira kuti alankhule, ndipo m'malo mwa malangizo anatambasula manja, anapotoza khosi, anatsinzina, anatulutsa mano. Holo yonse inagwa ndi phwete, ngakhale omwe sankadziwa nkhani yake. Ine ndinaseka nawo, ndipo mkazi wanga anandiyang'ana kaye kuti atsimikize kuti ndikusekadi.

Mfuti yopepuka ija sindinaiwombenso. Ndinayenda ndi chidempete changa nyengo zambiri m'minda ya kuseri kwa Ilford, ndikudandaula kulemera kwake ulendo uliwonse, apongozi akundiyankha kuti ndikafuna dona ija ili m'kabati. Pa chithunzi cha ukwati wathu kachipsera kaja kakuoneka bwinobwino, kadakali kofiirira. Alendo akafunsa, mkazi wanga sandipatsa mpata woyankha. Amati ndi udzudzu wa ku Mchinji.